Cook Off ija: filimu yachikondi yoseketsa timaiyeza ndi chiyani?

aPhiri (Mufakose): Abale, tiyeni tiikhalire pansi nkhani ya Cook Off, dzulo tinangoidutsa mothamanga. Kwa amene sanaione: ndi filimu ya konkuno ku Harare ya 2017, analemba ndi kuitsogolera ndi Tomas Brickhill, woyendetsa ntchito yonse Joe Njagu. Tendaiishe Chitima ndiye Anesu, mayi wolera yekha mwana, amene mwana wakeyo anakamulembetsa pa mpikisano wophika wa pa TV wa Battle of the Chefs. Tehn Diamond ndiye Prince, mnyamata wopikisana naye uja. Inalowa pa Netflix mu June 2020, yoyamba ya ku Zimbabwe kufika pamenepo. Chondivuta ine ndi ichi. Zambiri zimene zinalembedwa za filimuyi, makamaka kunja, zinali za $8,000 imene anayambira nayo, kuthimathima kwa magetsi, kusowa kwa ndalama m'mabanki chaka chimenecho. Zoona zonsezo. Koma imeneyo ndi nkhani ya momwe anavutikira, si ndemanga ya filimu. Ndipo ena akati aiunike amangothera pa mawu amodzi, akuti mathero ake ndi odziwikiratu. Kodi filimu yachikondi yoseketsa amaiyeza choncho?

Kamwendo (Dzivarasekwa): Koma amalume, akunama ngati? Mphindi 15 zoyamba munthu wadziwa kale kuti awiriwa adzathera limodzi, ndipo wansanje wa mu mpikisanomo adzagwa chagada. Ngati ndadziwa kale, ndikhalirenji mpaka kumapeto?

aPhiri (Mufakose): Pa chinkhoswe umapita usakudziwa kuti akutenga ndani? Umadziwa, koma umapitabe, ndipo pobwera umanena kuti chakoma kapena sichinakome. Filimu ya mtundu uwu lonjezo lake ndi lomwelo, kuti adzapezana. Ikaphwanya lonjezolo ndiye kuti yasanduka mtundu wina. Choyeza ndi chimene chikuwatchinga pakatipo.

Ndikuyalire momwe alembi ambiri amaigawira, ngakhale si lamulo la boma. Tsamba limodzi la skiripiti ndi pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndiye filimu yotere imakhala masamba 90 mpaka 105. Awiriwo azikhala atakumana tsamba 10 kapena 15 lisanadutse. Pofika cha m'ma 25 mpaka 30 pakhale chinthu chowamangirira pamodzi chimene sangachithawe: ntchito imodzi, ulendo umodzi, mpikisano umodzi. Pakati penipeni ayandikirane mpaka woonera akhulupirire kuti zatheka. Cha m'ma 70 zisweke. Masamba 15 omaliza wina asiye chinthu chimene amachiumirira kuyambira pachiyambi, ndiye apezane. Woyesa filimu afunse zinthu ziwiri. Choyamba, chimene chawalekanitsa pa tsamba 70 chinabzalidwa kale m'mphindi 20 zoyamba, kapena changogwa kuchokera kumwamba? Chachiwiri, foni imodzi ikanathetsa mkanganowo? Ngati yankho ndi eya, skiripiti ndi yofooka. Apa ndi pamene mafilimu ambiri a zibwenzi za masiku ano amagwera. Kale kalata inkasochera, munthu ankakwera basi ya ku Blantyre osatsanzika, nkhani n'kuyenda bwino. Lero aliyense ali ndi WhatsApp, ndiye wolemba waulesi amangothetsa batire kapena kugwetsera foni m'madzi. Woonera amaona kuti akupusitsidwa.

Kamwendo (Dzivarasekwa): Ndiye Cook Off yakhoza mayeso anuwo?

aPhiri (Mufakose): Chowamangirira pamodzi chilipo, ndi champhamvu, mpikisano uja. Kudandaula kwanga n'kwina: injini ya filimuyi ndi mpikisano komanso ubale wa Anesu ndi a m'banja mwake, chikondi chakwera kumbuyo. Utachotsamo Prince, filimu iyendabe mpaka kumapeto. Utachotsamo mwana ndi agogo, yagwa. Ndemanga yabwino ikanakangana pa mfundo imeneyo, osati pa mathero.

Mayi a Tadala (Highfield): aPhiri, apo ndikutsutsani pang'ono. Mukuti chikondi chakwera kumbuyo chifukwa mukuyeza ndi muyezo wa mafilimu a ku America, kumene chikondi ndi cha anthu awiri basi. Kuno mkazi wa mwana sakondana ndi mwamuna ali yekha. Pali mwana, pali mayi ake, pali agogo, pali tchalitchi, pali oyandikana nawo amene akumutchula kale mvana m'Chishona, mawu olemera kuposa kungoti ali ndi mwana. Ndiye filimu ikataya nthawi yambiri pakhomo, siinasochere. Chotchinga chenicheni chili pakhomopo. Ndiponso kuika Jesesi Mungoshi kukhala gogo si zangozi. Aliyense wokulira kuno akamuona amakumbuka filimu ya Neria, momwe anali mkazi wamasiye wolandidwa katundu uja. Wolemba ndemanga wa ku London sangamve kulemera kwake, kwa iye ndi gogo wokoma mtima chabe.

Ndipo ndinene izi kwa ana athu ofuna kulemba. Zotchinga zili mbwee mu Harare muno, osafunikira kubwereka. Mnyamata wa makolo a ku Malawi wakulira ku Mabvuku, akufuna mtsikana wa Chizezuru, mtundu wina wa Achishona. Kwawo kwa mtsikana akufuna munyai, mkhalapakati wa ukwati, akufuna roora, malowolo, mndandanda wake wautali, tete, mlongo wa bambo ake, ndiye woyamba kuuzidwa. Kwawo kwa mnyamata agogo akuti ife kwathu ku Dedza nkhani imayamba ndi atsibweni, timaika ankhoswe mbali zonse, mwamuna amapita chikamwini, ana ndi a kuchikazi. Tangoganizani amalume a ku Mabvuku atakhala pa mphasa akuwerengeredwa ng'ombe, iwo akudabwa kuti kodi tikugula munthu? Ndiye tembenuzani: mtsikana ndiye wa Chichewa, banja la mnyamata labwera ndi ndalama zambiri, eni mtsikana sakudziwa kuti atchule zingati, akuopa kuti akatchula zochepa mwana wawo akanyozeka kuukwati. Nthabwala zake sizitha, ndipo foni imodzi singathetse zimenezo.

aPhiri (Mufakose): Mayi, mfundo ya pakhomo ndaivomera. Koma ndikakamirabe kuti wokondedwayo naye azikhala ndi choti ataye. Akangokhala wabwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi mphoto, si munthu.

Nabanda (Mabvuku): Ine ndilowe ndi za makutu, poti mukukangana za nkhani ngati kuti anthu amaimva bwinobwino. Mafilimu athu ambiri, a kuno ndi a kumudzi ku Malawi komwe, ofuna kuwaunika amangoti "osewera ndi ouma" kapena "nthabwala sizikugwira". Kawirikawiri vuto si osewera, ndi mawu. Chithunzi chokongola, mawu ngati akulankhulira mu mgolo. Chikomekome cha mkuyu.

Chimachitika n'chiyani? Maikolofoni ya pa kamera ili mamita 3 kapena 4 kuchokera pakamwa pa wolankhula. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu imatsika ndi ma decibel 6, koma phokoso la m'chipinda silitsika. Boom, maikolofoni ya pa ndodo yaitali, imafunika ikhale pamwamba pa mutu, masentimita 30 mpaka 60 kuchokera pakamwa, yoloza pachifuwa, kunja pang'ono kwa chithunzi. Wosewera aliyense wolankhula akhalenso ndi lavalier yake, kamaikolofoni kakang'ono kobisika m'malaya, aliyense pa njira yakeyake yojambulira, kuti boom ikalephera pakhale pothawira. Lavalier nayo ili ndi matenda ake: nsalu ikakhuza imamveka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga, ndipo m'filimu yachikondi anthu amakumbatirana, ndiye pa mawu okoma aja mumangomva phuu. Wodziwa ntchito amauza osewera kuti mawu ayambe atha, kukumbatirana pambuyo, kapena amadalira boom pamenepo.

Nyumba zathu za m'malokesheni nazonso ndi adani. Simenti pansi, makoma opanda kanthu, denga la asibesitosi kapena malata, mawu amangobwerera. Mankhwala ake ndi otchipa: mabulangete okhuthala pansi ndi pa makoma amene sakuoneka mu kamera. Furiji izimitsidwe, ndipo ikanimo makiyi a galimoto kuti musaiwale kuiyatsa pochoka. Magetsi a ZESA, bungwe la magetsi kuno, akapita mwayatsa jenereta, ikhale kutali, kuseri kwa khoma, ndi chingwe chachitali. Musanachoke m'chipinda chilichonse jambulani room tone, kamkokomo ka chipindacho pachokha, aliyense ali chete, masekondi 30 mpaka 60. Popanda imeneyo, polumikiza zidutswa pamamveka mabowo a zii pakati pa mawu, khutu limagwira ngakhale munthu sadziwa chimene chamusokoneza.

Chifukwa chake izi zimapha nthabwala kuposa filimu yankhondo n'chakuti nthabwala imakhala pa liwu limodzi, nthawi zambiri lomaliza. Liwu limenelo likamezedwa ndi hutala ya kombi, minibasi ya kuno, palibe woseka. Woonera sabwerera m'mbuyo kuti amvetse nthabwala.

Kamwendo (Dzivarasekwa): Achemwali, si amabwereza mawuwo mu situdiyo pambuyo pake?

Nabanda (Mabvuku): ADR imeneyo. Imathandiza pa mzere umodzi kapena iwiri. Koma wosewera akubwereza patatha miyezi, ali yekha m'kachipinda, mnzake woseka naye palibe, akuthamangitsa milomo yake pa sikirini. Mawu amatuluka oyera koma ozizira. Ndipo ngati simunaikemo kamkokomo ka chipinda chija, amamveka ngati wailesi yaikidwa pakamwa pa munthu. Filimu yachikondi yodzaza ADR ndi imene olemba ndemanga amati awiriwa sakugwirizana, pomwe pa tsiku lojambula ankagwirizana bwino.

aMbewe (Mbare): Nabanda wanena zoona, ndiwonjezere za lumo, kudula ndi kulumikiza zithunzi za filimu. Kuseka kumapangidwa podula. Timajambula mafulemu 25, ndiye kuti zithunzi 25, pa sekondi kuno. Mafulemu 6 ndi kotala ya sekondi, koma ndi okwanira kupha nthabwala kapena kuidzutsa. Ndipo kawirikawiri anthu saseka pa nkhope ya wolankhula, amaseka pa nkhope ya wakumva. Tiyerekeze: mnyamata wauza apongozi kuti amagwira ntchito "m'tauni", pomwe amagulitsa ma charger pa siteji ya makombi ya Copacabana. Mawuwo paokha saseketsa. Choseketsa ndi mayi wa mtsikana akuyang'ana nsapato zake, kenako n'kuyang'ana mwana wawo, osanena kanthu. Ngati tsiku lojambula munathamanga osajambula nkhope ya mayiwo payokha, wodula alibe chogwira. Mafilimu a ndalama zochepa amafera pamenepa: amajambula wolankhula yekha chifukwa nthawi yatha, dzuwa lapita.

Chachiwiri, okondana aziwoneka m'chithunzi chimodzi. Mukangodula uyu payekha, uyo payekha, uyu payekha, woonera saona thupi la wina likuyankha mnzake. Kamera ikhale phee pa awiriwo masekondi 20 kapena 30 osadula, ngati osewera ali ndi moto uonekera pomwepo. Akakhala alibe, ndiye wodula amabisa ndi nyimbo komanso zithunzi za dzuwa likulowa pa kaphiri ka Kopje. Mukaona filimu yachulutsa timagawo ta nyimbo popanda kulankhula, katatu kanayi, dziwani kuti pali chimene akubisa.

Chachitatu ndi chimene chimalekanitsa olemba ndemanga ndi anthu wamba. Filimu yoseketsa imadulidwa mosiya mpata woti holo iseke. Pambuyo pa nthabwala yaikulu mumasiya sekondi imodzi kapena iwiri yopanda mawu ofunika, apo ayi kuseka kumakwirira mzere wotsatira. Mu holo ya anthu 200 mpatawo sumveka, wadzaza ndi kuseka. Koma wolemba ndemanga amatumiziridwa link, akuonera yekha pa laputopu usiku, mpata womwewo kwa iye ndi filimu yoyenda mwaulesi. Anthu awiri aona filimu imodzi, wina akuti imathamanga, wina akuti imakwawa, ndipo palibe wonama.

Nangondo (Tafara): aMbewe, ndiye njira yake ndi yotani, poti masiku ano ambiri akuonera pa foni?

aMbewe (Mbare): Ionetseni kawiri isanatsekedwe. Koyamba kwa anthu 30 kapena 40 osakudziwani, osati abale, m'chipinda chimodzi. Ikani chojambulira mawu kumbuyo kwa chipinda, kenako muyale mawuwo pansi pa filimu pa kompyuta, muona pamene anaseka, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi pamene anayamba kusuntha mipando ndi kutulutsa mafoni. Osawafunsa kuti yakoma? Onse adzati yakoma. Afunseni kuti afotokoze chimene chinalekanitsa awiriwo. Akapereka mayankho osiyana, tsamba 70 la aPhiri lija silikumveka. Kachiwiri patsani anthu asanu aonere aliyense payekha pa foni, muone mphindi imene aimitsira. Mipata yoseka muifupikitse mpaka ikhale pakati pa ziwirizo.

Ndipo poti tayamba ndi filimu ya zophika, chakudya pa kamera ndi nkhondo ina. Nsima ikakhala pa mbale mphindi zochepa pansi pa magetsi otentha imagwira khungu pamwamba, nthunzi yatha, masamba afota, mafuta a nyama agwirana. Gawo limodzi mumalijambula kasanu kapena kupitirira, mbali zosiyanasiyana, ndiye mufunika mbale zofanana zingapo ndi munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kujambula mbale ndi foni n'kukumbukira kuti pa mzere wakuti mtanda unali utanyemedwa mbali iti. Nthunzi imaoneka bwino kuwala kukachokera kumbuyo kwake. Cook Off apa anachenjera, anagwiritsa ntchito malo enieni ojambulira Battle of the Chefs, pulogalamu imene inalipo kale pa TV. Makhitchini, mbaula, magetsi, zonse zinali zoyala kale. Amene amangoti $8,000, $8,000 amaiwala kuti nzeru inali kulemba nkhani yokwana m'malo amene anali nawo kale m'manja.

aMwale (Glen View): Ndadikira nthawi yaitali kuti wina atchule ma subtitle, mawu omasulira olembedwa pansi pa chithunzi. Wolemba ndemanga wakunja samva Chishona, samva Chichewa. Chimene akuyeza si zimene osewera akunena, ndi zimene womasulira analemba pansi. Ndipo womasulirayo ndi womangidwa manja. Malamulo a Netflix pa Chingerezi ndi zilembo zosapitirira 42 pa mzere, mizere iwiri basi, liwiro lowerenga la akuluakulu osapitirira zilembo 20 pa sekondi, ndipo mawu asakhale pa sikirini kupitirira masekondi 7. Anthu awiri akamalandizana mawu mothamanga, monga amachitira okondana pokangana, gawo lalikulu limadulidwa kuti likwane. Choyamba kutayidwa ndi kuzungulira kuja, kulemekeza konyoza kuja, kumene ndiye kunali nthabwala.

Palinso vuto la nthawi. Subtitle imatuluka yonse pakamodzi. Woonera amawerenga mathero a nthabwala wosewera asanafikepo pakamwa, ndiye pamene nkhope ikuchita zake iye waseka kale kapena sanaseke n'komwe. Womasulira waluso amaidula pawiri, mathero n'kuwatulutsa paokha pa nthawi imene akunenedwa. Zimatenga nthawi, ndipo ambiri amalipidwa pa mphindi ya filimu, ndiye amangothamanga.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. M'Chichewa tili ndi inu ndi iwe, m'Chishona imi ndi iwe. Mtsikana wakhala akunena "mwaswera bwanji achimwene" kwa mphindi 40, kenako tsiku lina atakwiya kapena ataiwala, n'kutulutsa "iwe". Holo yonse ya ku Mbare imakuwa, chifukwa yadziwa kuti mpanda wagwa. Pa subtitle zonse ziwiri ndi "you". Wolemba ndemanga wa ku Rotterdam, kumene Cook Off inaonetsedwa mu 2018, akaona gawo lotere m'filimu iliyonse yathu adzati sanaone pamene chikondi chinayambira. Chimodzimodzi kusintha chilankhulo. Mnyamata wa ku Harare amafunsira m'Chingerezi kuti aoneke wapamwamba, koma akapsa mtima kapena akanena zoona amabwerera ku Chishona. Subtitle imasalaza zonsezo.

Mayi a Tadala (Highfield): Ndipo zimachitikanso mobwerera. The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, ya 2019 ija, kunja anaiyamikira kwambiri, poti iwo amawerenga pansi. Amalawi ambiri anaikonda nkhaniyo koma makutu awo amagwira Chichewa cha osewera ena kuti si cha munthu woyamwira. Si filimu yachikondi, koma phunziro ndi lomwelo: wakumva ndi wowerenga amaona mafilimu awiri osiyana.

aMwale (Glen View): Ndi zimenezo mayi. Ndiye ndemanga iliyonse iyenera kunena poyera kuti wolembayo anamva ndi makutu kapena anawerenga pansi.

Kamwendo (Dzivarasekwa): Chabwino, apa ndiye gawo langa, manambala a pa intaneti, poti ndi amene anthu amatumizirana ngati umboni. Peresenti ya Rotten Tomatoes, tsamba losonkhanitsa ndemanga za mafilimu, si malikisi a filimu. Ndi chiwerengero cha olemba ndemanga amene anati yabwino, kuyerekeza ndi onse. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndiye amati fresh. Filimu imene aliyense wangoti "ilibe vuto" ikhoza kupeza 95, pomwe imene theka laikonda kwambiri theka n'kudana nayo ipeza 50. Mbali ya anthu wamba nayo imawerenga amene apereka nyenyezi 3.5 kupita m'mwamba. Ndiye tengani filimu yaing'ono yokhala ndi ndemanga 5 zokha: munthu mmodzi ndi 20 peresenti. Atatu akonda, 60, ndi fresh. Mmodzi mwa atatuwo akanadzuka ndi mutu tsiku limenelo, 40, yawola. IMDb, tsamba lina limene anthu amavoterapo mafilimu, ndi 1 mpaka 10, amati amasefa mavoti m'njira yawo imene saulula, koma mavoti akakhala mazana ochepa zimatengeka msanga. Tsegulani pamene amaonetsa momwe mavoti agawikira. Mukaona mulu pa 10, mulu wina pa 1, pakati pali gwaa, dziwani kuti ndi abale a osewera akulimbana ndi adani awo. Werengani za amene apereka 5, 6, 7, ndi amene anaonera.

Netflix nayonso kufika pamenepo si chigamulo chakuti filimu ndi yabwino. Ndi malonda. Chimene chimatanthauza ndithu n'chakuti mapepala anali bwino ndipo chithunzi ndi mawu zinadutsa pa kuyeza kwawo.

Nabanda (Mabvuku): Mapepala amenewo ndi amene amagwetsa ambiri, makamaka a nyimbo. Filimu yachikondi imadya nyimbo kwambiri. Nyimbo iliyonse imafuna zilolezo ziwiri, cha wopeka ndi cha mwini wa chojambulidwacho, ndipo nthawi zina ndi anthu osiyana. Pamafunikanso cue sheet, mndandanda wa nyimbo iliyonse, yayamba mphindi iti, yatha iti, mwini wake ndani, kuti mabungwe otolera ndalama za eni nyimbo ngati ZIMURA kuno kapena COSOMA kumudzi adziwe wolandira. Ngakhale nyimbo yomveka pa wailesi ya mu kombi kumbuyo kwa osewera imawerengedwa. Jambulani muli zii, nyimbo muikemo pambuyo. Apo ayi mudzachotsa nyimbo imene munadulira gawo lonse, n'kuikamo ina yaulere yosagwirizana ndi kayendedwe ka zithunzi.

Nangondo (Tafara): Tsono ndifunse funso limene tonse tikulizemba. Ife eni ake timalemba zoona za mafilimu athu? Harare ndi yaing'ono. Wolemba ndemanga lero mawa akufuna ntchito kwa yemwe wamuunikayo, amakumana ku chikondwerero cha mafilimu cha ZIFF, amakumana ku mphoto za zaluso za NAMA. Ndiye timalemba kuti tiyeni tithandize zathu, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Kumbali inayo kuli a pa Facebook amene amanyoza ataona trailer yokha, akandimverere. Pakatipo palibe munthu. Ndipo ndemanga yoti "poganizira ndalama zimene anali nazo, anayesetsa" ine ndimaiona ngati chipongwe chovala suti. Woonera sanachotseredwe mtengo wa data chifukwa filimu inali yosauka.

aPhiri (Mufakose): Nangondo, ndalama zitchulidwe pamene zikufotokoza chinthu chooneka. Kuti gawo la usiku lili ndi mdima wambiri chifukwa analibe magetsi okwanira, imeneyo ndi ndemanga. Koma skiripiti safuna jenereta. Wokondedwa wopanda choti ataye, wansanje amene ndi woipa popanda chifukwa, zimenezo sizikhululukidwa ndi umphawi, pepala ndi bolopeni ndi mtengo umodzi kulikonse.

Nangondo (Tafara): Ndiye amene akufuna kulemba achite chonchi. Aionere kawiri. Koyamba ndi anthu, osalemba kanthu, angomva pamene holo yaseka ndi pamene yakhala chete. Kachiwiri yekha ndi kope, akulemba mphindi: akumana pa mphindi iti, ayandikirana pa iti, alekana pa iti, chifukwa chiyani. Atsekeko maso mphindi 5 pakati, amve ngati mawu akumveka popanda kuona milomo. Kenako atsitse mawu mphindi zina 5, aone ngati matupi a awiriwo akunena kanthu. Polemba asafotokoze nkhani yonse, ndime imodzi yakwana, ndipo asadutse pakati pa filimu. Asankhe gawo limodzi limene lagwira ndi limodzi limene lagwa, afotokoze chifukwa, mwatsatanetsatane. Asatchule wosewera kuti ndi wouma asanafunse ngati vuto si mawu, si kudula, si mzere woipa umene anapatsidwa. Mawu 600 mpaka 800 akwana.

aMbewe (Mbare): Muwonjezere kuti ayang'ane momwe filimu yasonyezera mauthenga a pa foni, poti zibwenzi za lero theka lake zili mmenemo. Kujambula sikirini ya foni ndi kamera ndi njira yoipa: timalemba tating'ono, kuwala kumaphulika, ndipo woonera naye ali pa foni, ndiye akuwerenga foni mkati mwa foni. Bwino kulemba uthengawo pa chithunzi pambali pa nkhope ya wolandira, zilembo zazikulu, ukhalepo nthawi yoti munthu awerenge kawiri. Tikatero timaona uthenga ndi nkhope nthawi imodzi. Ndipo choseketsa sichikhala m'mawu otumizidwawo. Chimakhala pa kulemba n'kufufuta, kulembanso n'kufufuta, kenako n'kutumiza "ok". Kapena timizere tiwiri tasanduka tabuluu, "typing" yaoneka, yazimiririka, osabwera kanthu. Voice note ndiye mphatso kwa wolemba filimu, poti imamveka, ndipo ikhoza kulira pa sipika mu kombi yodzaza.

Chinanso chaching'ono: magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye pa mafulemu 25 shutter, nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse, ikhale 1/50 ya sekondi, apo ayi mababu ena amaphethira pa chithunzi. Jenereta yotopa imasinthasintha liwiro, kuphethirako kumabwera ngakhale mwatchera bwino. Yesani masekondi 10, muone pa sikirini yaikulu musanaitane osewera.

Kamwendo (Dzivarasekwa): Zonsezi ndamva, koma amalume aPhiri sindinagonje. Mukuti mathero odziwikiratu si mlandu. Nanga wansanje wowononga zinthu za mnzake mu mpikisano, si wodziwikiratu nayenso? Pamenepo ndiye mulibe chinkhoswe chobisalamo.

aPhiri (Mufakose): Pamenepo wandigwira, mphwanga. Lonjezo la filimu ndi lakuti awiriwo adzapezana, silinena kuti mdani akhale wa pepala. Mdani wabwino ndi amene woonera akhoza kunena kuti nanenso ndikanatero. Mpatseni lendi imene yamukwanira, mpatseni mwana wake naye wodikira fizi.

Mayi a Tadala (Highfield): Kapena mdani akhale munthu wokukonda. Mayi wako amene akukana mnyamatayo chifukwa anaona kale mwamuna woyamba akuthawa. Ameneyo sungamugonjetse pa mpikisano, uyenera kudya naye mbale imodzi madzulo.

Nangondo (Tafara): Loweruka lino aliyense aionerenso ndi kope. Kamwendo ulembe mphindi imene Anesu ndi Prince ayamba kuonekera m'chithunzi chimodzi ali awiri okha, ndipo uwerenge kuti zimenezo zachitika kangati filimu yonse. aMwale atsegule ma subtitle, atipezere malo atatu pamene Chishona chanena china, pansi n'kulembedwa china.

aMwale (Glen View): Atatu achepa. Koma magetsi akakhalapo Loweruka, ndibwera nawo.